Mmene ndinaonongera braille display yanga pofuna kuitsuka

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Zomba, ndimakhala ku Chinamwali, ndipo ndinasiya kuona ndili ndi zaka 9. Braille ndinaiphunzira pa sileti ndi stailasi, kenako pa Perkins, makina achitsulo olembera braille aja oti akagwa pa tebulo mumayamba mwafunsa ngati simenti ili bwino. Ndatchula dala Perkins chifukwa ndinakula ndi maganizo oti chipangizo cha braille sichifa, ndipo maganizo amenewo ndi amene anandigwetsa m'ngongole.

Mu 2021 bungwe lina linandipatsa braille display ya ma cell 40, kutanthauza malo a zilembo 40. Kwa amene simunaigwirepo, ndi kachipangizo kotalikirako pang'ono kuposa rula, mumakalumikiza ku laputopu kapena foni pa USB kapena Bluetooth, nde zimene zili pa sikilini zimabwera pa zala zanu, timapini timatuluka ndi kulowa kupanga zilembo, mukamaliza mzere mumadina batani timapini tija nkusintha kubweretsa mzere wotsatira. Cell iliyonse ili ndi timapini 8 osati 6 ngati pa pepala, ndiye kuti pa yangayi pali timapini 320, kalikonse kali ndi kabowo kake. Pansi pa kapini kalikonse pali kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika magetsi akadutsamo nkukankha kapini kaja m'mwamba, ndipo kukwera kwakeko sikukwana olo milimita imodzi. Izi ndikuzidziwa pano. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti ndapeza chinthu chondiwerengera Chichewa bwinobwino, chifukwa mawu a pa kompyuta aja amatchula Chichewa ngati mzungu amene wangotsika ndege dzulo, akafika pa ng'ombe kapena nkhwangwa mumangoseka. Usiku woyamba sindinagone, ndinawerenga mpaka tambala.

Amene anabweretsa zipangizozi anatiphunzitsa masiku awiri, kulumikiza ndi NVDA, pulogalamu yowerenga zimene zili pa sikilini, kuyenda m'mizere, kulemba. Za kasamalidwe anangoti muzizisamala ndi zodula. Buku la malangizo anatitumizira pa imelo, ine sindinalitsegule ndi tsiku limodzi lomwe.

Zaka ziwiri ndinkachita nayo chonchi. Pa break anzanga akabweretsa mandasi kapena chips cha pa chiwaya, ndimadya, kupukuta zala pa thalauza, nkubwerera pa mzere umene ndinasiyira. Miyezi ya June ndi July chiperoni chikatsika m'phiri khungu langa limauma kwambiri, ndiye m'mawa ndinkadzola vaselini wambiri m'manja nkuyamba kuwerenga manotsi pompo. Mu staff room fumbi la choko silitha. Ikafika October fumbi la mumsewu limalowa m'nyumba olo mutseke mawindo, ndipo display inkagona pa tebulo la pabalaza osavindikira, tebulo lomwelo lodyerapo nsima. Kachikwama kake ndinam'patsa mwana wanga kuti aziikamo mapensulo, ndinkaona ngati kakungondichedwetsa potulutsa.

Zizindikiro zinalipo, kungoti sindinazitenge ngati nkhani. M'mawa timadontho tina tinkatuluka mochedwa, tina tinkamveka tofupika ngati braille ya m'buku lakale lowerengedwa ndi anthu ambiri. Pamwamba pa ma cell pankamveka kunanda pang'ono. Vuto lake ife owerenga braille mutu umakonza wokha zolakwika, chala chikamva "kwana" pamene nkhani ikukamba za mwana umangowerenga mwana nkupitirira osaima. Pa braille dontho lililonse mu cell lili ndi nambala yake, m ndi madontho 1, 3 ndi 4, k ndi 1 ndi 3, ndiye dontho 4 likakana kutuluka m amasanduka k, n amasanduka o, d amasanduka e. Ndinakumana nazo kangapo ndithu ndipo ndinkangoti amene analemba ndi amene walakwitsa. Ndikanaima tsiku loyamba lomwelo nkuyesa cell imeneyo payokha, nkhaniyi ikanathera pa kansalu.

Pa manambala mutu sungakukonzereni kanthu. Mu October 2023 Form 3 inalemba mayeso apakati pa teremu, mnzanga wina anandithandiza kuchonga nkundilembera malikisi mu kompyuta, mzere uliwonse kuyamba ndi malikisi kenako dzina. Ndinalowa m'kalasi, mawu a laputopu ndinatseka kuti ana asamve za anzawo nthawi isanakwane, nkuyamba kulengeza kuchokera pa zala. Nditafika pa mtsikana wina amene sachoka pa atatu oyambirira ndinati 24. Kalasi yonse inangoti zii. Ine ndinaonjezeranso kuti mwayamba kusewera eti. Sanayankhe, ndinangomva mpando ukukhululuka ndi chitseko.

M'mawa mwake kunabwera mayi ake. Anati, "Aphunzitsi, pepani kukuvutitsani, mwanayu sanadye dzulo, akuti pepala lake akufuna alione." Mnzanga uja anatulutsa pepala, 64. Ndinatsegula mawu a laputopu, nayonso 64. Koma pa zala panga 24 ali nji. Pa braille 6 ndi f, madontho 1, 2 ndi 4, ndipo 2 ndi b, madontho 1 ndi 2. Dontho 4 la cell imene pankagwera nambala yoyamba linali litakakamira pansi. Nditabwereza mndandanda wonse ndinapeza ana enanso olakwiridwa, wina amene ndinamuuza 81 anali ndi 71 chifukwa 7 akataya dontho lomwelo amakhala 8, ameneyo anali atakauza kale kwawo. Ndinapepesa kwa mayi aja, ndinapepesa m'kalasi, koma manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingawafotokoze bwino. Munthu wosaona ukalakwitsa pa ntchito umadziwa kuti pali ena amene akuti tinkanena ife.

Ndi mkwiyo umenewo Loweruka m'mawa ndinati lero ndithana nayo. Apa nde pamene ndinaononga, fumbi lija linali lisanaphe kanthu.

Ndinayamba ndi kupemerera ndi pakamwa, osaganiza kuti mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi. Sizinathandize. Ndinatenga mswachi wakale nkukwecha ma cell onse mwamphamvu display ili chagada, kumene kunali kukankhira litsiro m'timabowo. Dontho lija osatuluka. Kenako ndinapempha pini, ija yomangira nsalu, nkulowetsa nsonga yake m'kabowo kufuna kukatokosa kapini kuti kadzuke. Ndinamva kaphokoso kakang'ono, the, ndipo mtima unandiuza kuti chinachake chachitika koma ndinadzilimbitsa. Pomaliza ndinakumbuka kuti ndinamvapo zoti zamagetsi amatsuka ndi spiriti. M'kabati munali spiriti uja wa mtundu amene timathira pa bala kapena pometa, ndinanyowetsa thonje mpaka kudontha, display ili yoyaka, ili pa chaja, nkufinyira pa ma cell kuti alowe bwino.

Choseketsa nchoti kwa ola limodzi zinaoneka ngati zatheka. Timadontho tambiri tinayamba kutuluka mwamphamvu, ndinawaitana mayi akunyumba kuti adzaone ukatswiri. Iwo anati, "Abambo, koma makina anuwa atenga mtundu wa spiriti, ndipo thonje latsalira m'mabowomu." Ndinati zimenezo ndi za inu oona, ine bola zikugwira ntchito. Lamulungu m'mawa tikukonzekera za ku tchalitchi ndinayatsa, ma cell anayi oyandikana anali phala, ena timapini tili m'mwamba tonse osatsika, ena osatuluka nkomwe. Mayi akunyumba sanalankhule zambiri, anangoti safunsa anadya phula, nkupitiriza kusita malaya.

Mukanakhala inu mwina mukanaima pamenepo. Ine Lolemba nditaweruka ndinakwera kabaza kupita mtauni kwa mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi msika. Anati, "Madala musadandaule, palibe chimatikanika pano." Ndinamva akumasula masikuluwu, kenako chete wautali, kenako akuitana mnzake kuti tabwera udzaone izi. Anauzira ndi kamakina kawo ka mpweya wotentha kaja, anatseka, anandilipiritsa K8,000 nkunena kuti ikafika kunyumba ikhala itakhazikika. Sikuluwu imodzi sinabwerere. Sindikumuda mnyamatayo, mafoni amakonza bwino, wolakwa ndine amene ndinamupatsa chinthu chimene sanachionepo chibadwire. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ma cell a mtundu umenewu amayendera magetsi okwana pafupifupi ma volt 200 mkatimo ngakhale batire lake ndi laling'ono, ndiye si chinthu choti munthu azingopisamo zala.

Usiku umenewo ndi pamene ndinachita chimene ndikanayambira, kuimbira mnzanga wina wa ku Blantyre amene wagwiritsa ntchito zipangizozi zaka zambiri. Nditamufotokozera anakhala kaye chete nkuti, "Achimwene, pini? Zimitsani pompano, musaiyatsenso, musaichajenso." Anandiuza kuti iye sadziwa aliyense wozikonza kuno, yake anatumiza ku South Africa, ndipo anandipatsa imelo ya malo ake. Mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira ku Chanco anabwera kudzajambula zithunzi ndi kundiwerengera serial number ya kunsi. Iyi ilembeni lero pena pake, chifukwa aliyense amene mungamulembere amayamba wafunsa imeneyo. Warranty inali itatha kale, komabe okonza a ku South Africa aja anandiuza mosabisa kuti olo ikanakhalapo, madzi olowa mkati ndi kutsegulitsa kwa munthu wamba zikanaithetsa.

Poona zithunzi anati ndikonzekere ndalama yofanana ndi madola 400, mwina kuposa akaitsegula. Nthawi imeneyo dola inali cha m'ma K1,180 ku banki, ndinawerengera kuti ndi K472,000, mutu unazungulira koma ndinati ndiyesetsa pofika kumapeto kwa mwezi. Ndili mkati mosonkhanitsa, mu November momwemo kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kufika K1,700. Madola 400 omwe aja anasanduka K680,000 usiku umodzi, ndipo kuti muwapeze ku banki inali nkhani ina. Mayi akunyumba anakatenga ngongole ku banki mkhonde ya amayi a kumpingo, ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri zimene zinali kumudzi, achimwene anga anaonjezerapo. Ndalama imeneyo inali ya malata.

Kutumiza nakonso kunali ndi zake. Ena otumiza katundu akangomva kuti muli batire ya lithium amayamba mafunso ndi mitengo yoti simungaikwanitse. Tinadikira msuweni wanga amene amapita ku Johannesburg pa basi kukaoda katundu, nde ananyamuka kumayambiriro kwa December. Ndinamupatsa kalata yochokera kwa ahedi yofotokoza kuti chipangizochi ndi changa, ndi cha munthu wosaona, chikupita kokakonzedwa ndipo chidzabwerera, ndi serial number yake pomwepo. Kalatayo inamuthandiza pa boda makamaka pobwera, musaiwale imeneyo. Chimene sindinawerengere nchoti kumeneko pakati pa December malo ambiri amatseka mpaka January. Atatsegula anati ma cell ena alibe, aitanitsa kunja. Msuweni uja ulendo wa February sanapite, ndalama zinavuta. Display inafika m'manja mwanga pakati pa March 2024, miyezi inayi ndi kena chiionongereni.

Miyezi imeneyo ndinabwerera pa Perkins ndi pa mahedifoni. Mapepala a braille ndi odula, manotsi amene ndinkangowatsegula pa foni ndinayamba kuwalembanso pa manja usiku ana akugona, phokoso lake aneba ankadziwa kuti aphunzitsi sanagone. M'kalasi kuphunzitsa khutu limodzi lili ku laputopu lina kwa ana kumatopetsa, ndipo ndakatulo za Chichewa zowerengedwa ndi mawu a mzungu uja zinkandipweteka mutu. Chinandiwawa kwambiri ndi kuyambanso kupempha anthu kuti tandiwerengereni apa.

M'bokosi munali kalata ya amene anakonza, mwana wa mlongo wanga uja anandiwerengera akuseka. "Malume, akuti anapezamo mafuta osakanikirana ndi fumbi, nyenyeswa za chakudya, ulusi wa thonje, ndi timphemvu tiwiri takufa." Anasintha ma cell anayi, atatu chifukwa cha madzi amene analowa ili yoyaka, imodzi chifukwa kachitsulo ka pansi kanathyoka, imeneyo ndi ya pini ija. Mzere umene sindiuiwala ndi woti ma cell ena onse 36 anangofunika kutsuka basi. Ndiye kuti dontho 4 lija linali litangomatidwa ndi vaselini ndi choko.

Sabata imeneyo ndinatsegula buku la malangizo lija koyamba, ndipo za kutsuka zinalimo, sizinakwane ndi tsamba limodzi. Lanu muwerenge nokha chifukwa makampani amasiyana, ena amalola spiriti wotchedwa isopropyl alcohol, ena amati kansalu konyowa pang'ono ndi madzi basi, ena amakaniza kupopera mpweya wa m'chitini. Yangayi amalola isopropyl. Spiriti wa mtundu uja ayi, ali ndi utoto. Sanitizer amene tinazolowera nthawi ya Covid ayi, ambiri amaikamo glycerine kuti manja asaume ndipo ameneyo amatsalira nkumata. Olo surgical spirit muwerengetse kaye botolo, ina imakhala ndi mafuta. Botolo la isopropyl kuno ndinalisowa, koma ku pharmacy kuli timapaketi tija amapukutira pa mkono asanabaye jekeseni, tambiri timakhala ta isopropyl 70 peresenti, mumangopempha wogulitsa akuwerengereni. Ndimafinya kamodzi kaye kuti kasadonthe, kazingomveka kozizira pa chala.

Ndimatsuka Lamulungu masana kamodzi pa masabata awiri, nthawi ya fumbi sabata iliyonse. Ndimachotsa chaja ndi waya aliyense. Yanga ili ndi malo mu menu oti timapini tonse tituluke nthawi imodzi, ndipo buku lake limati potsuka tizikhala totuluka, ngati yanu ilibe zimenezo izimitseni. Kenako ndimaitembenuza chafufumimba, ma cell kuyang'ana pansi, kuti chilichonse chimene chikuchoka chigwere pa tebulo osati mkati, apa ndi pamene pali nzeru yonse imene ndinalibe tsiku lija. Ndimapukuta mopepuka kuchokera mbali ina kukafika mbali ina, osakanikiza, nkubwereza ndi kansalu kouma kaja kopukutira magalasi a maso, kameneka sikasiya ulusi. Ndimaisiya chafufumimba chomwecho pa nsalu yoyera kwa theka la ola, ndikatero ndimalola timapini tikwere ndi kutsika kwa mphindi zingapo. Dontho likapitiriza kukakamira nditatsuka kawiri ndimalemba imelo, pini ndinasiyira eni nsalu.

Kuyesa madontho ndinapeza njira yanga yachidule. Ndili ndi fayilo ya mizere iwiri, wina wa q okwana 40, wina wa y okwana 40. Chilembo q chili ndi madontho 1 mpaka 5, y ali ndi 1, 3, 4, 5 ndi 6, ndiye mukayendetsa chala pa mizere iwiriyi dontho lililonse la cell iliyonse mwaligwira, losowa limadziulula lokha. Madontho 7 ndi 8 ndimayesa poyendetsa cursor mzere wonse. Sizitenga mphindi ziwiri, ndipo sindilengezanso nambala iliyonse ndisanachite zimenezi.

Koma zambiri ndi za m'manja. Ndimasamba ndi sopo nkuumitsa bwino ndisanaigwire, mafuta ndimadzola usiku pogona, m'mawa ndikadzola zala ndimasambanso. Kapu ya tiyi imakhala pa mpando wina osati pa tebulo limodzi. Anzanga mu staff room amakonda kubwera kuti tione zimatheka bwanji, poyamba ndinkachita manyazi kuwakaniza, pano ndimangoti kasambeni kaye, ena amakhumudwa koma ngongole ija sanabweze nawo. Kachikwama kaja ndinakalanda kwa mwana nkumugulira kena. Dzinja la ku Zomba mukulidziwa, nsapato zimachita nkhungu pansi pa bedi, ndiye usiku display imagona m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, mphemvu ndi nyerere sizilowanso. Pa kabaza ndimaikulunga m'jumbo nkuiika pamwamba pa mabuku osati pansi pake. Magetsi akazima ndimazula chaja nthawi yomweyo chifukwa pobwera amabwera ndi ukali, masiku ambiri ndimangochajira pa power bank. Pa holide yaitali sindiisiya batire litatheratu, ndipo ndimakonda Bluetooth kuti kabowo ka USB kasakhwepe ndi kuzula pafupipafupi.

Ngongole ya ku banki mkhonde tinamaliza mu August, malata mpaka pano sitinagule. Teremu yachitatu itayamba ndinalowa mu Form 3 muja ndi malikisi a mayeso ena, ndinatsegula fayilo ya q ndi y, kuyendetsa chala, kalasi ili chete kudikira. Ndisanatchule dzina loyamba mtsikana uja anakweza mawu kuchokera kutsogolo, "Sir, lero mwatsuka?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko, inenso ndinaseka, nkumuuza kuti abwere aime pambali pa laputopu aziona ngati ndikunena zoona. Anapeza 70, ndipo anaiona yekha pa sikilini ine ndisanaitchule.